Ngongole ya anthu a ku Man kwa mbalame za pa Calf

Pakati pa nyanja imene ilekanitsa Ireland ndi Britain pali chilumba chotchedwa Isle of Man, chimene chili ndi boma lakelake, malamulo akeake, ndi bwalo lake la aphungu lotchedwa Tynwald, limene eni ake amalinyadira kuti lili m'gulu la mabwalo akale koposa pa dziko lapansi. Ndipo kunsonga kwake, kummwera chakumadzulo, kuli kachilumba kena ka masikweya kilomita 2.5, kocheperako pang'ono poyerekeza ndi Chizumulu, kamene dzina lake ndi Calf of Man. Pakachilumbapo palibe mudzi, palibe sitolo, palibe sukulu kapena tchalitchi chopemphereramo. Anthu okhalapo ndiwo alonda owerengeka amene amawoloka m'mwezi wa Malichi nabwerera kumtunda m'mwezi wa Novembala, ndipo ntchito yawo ndiyo kuwerenga mbalame, kuziveka timphete tachitsulo m'miyendo, ndi kuyendera misampha ya makoswe. Munthu wakumva zimenezi koyamba akhoza kupukusa mutu nafunsa ngati anthu a ku Man alibe kwina kotayira ndalama. Koma ine ndinena poyera kuti achita bwino, ndi kuti chimene akuchitacho ndiko kubweza ngongole imene makolo awo anaisiya, ngongole imene sidzatha kubwezedwa m'mbadwo umodzi.

Kuti mlanduwu umveke, tiyambe tadziwa mwini mlandu. Pali mbalame ya m'nyanja, yakuda kumsana ndi yoyera kumimba, ya mapiko aatali ndi owonda, imene imauluka mopendekeka chifupi ndi mafunde ngati ikuwameta, ndipo m'Chingerezi amaitcha Manx shearwater, ndiko kuti anaipatsa dzina la chilumba cha Man, popeza akatswiri amene analemba za iyo, Francis Willughby ndi John Ray, m'buku lawo la mbalame limene linatuluka mu 1676, anaidziwira pa Calf pomwepa. Moyo wake ndi wozizwitsa. Miyendo yake inamera kumbuyo kwambiri, kotero kuti m'madzi ndi katswiri koma pamtunda imangokwawa chamimba. Chifukwa cha ichi siifika kumtunda dzuwa lili kuwala, kuopa mbalame zolusa, koma imadikira mdima wandiweyani, ndipo ikamatera imalira kulira kosasa ndi kochititsa nthumanzi, kumene amalinyero akale ankakuyesa mawu a mizimu. Imaswera mu una wa pansi pa nthaka, ndipo pachaka imaikira dzira limodzi lokha, limene yaimuna ndi yaikazi zimafungatira mosinthana kwa masiku oposa 50. Mwana akaswedwa, makolo amamdyetsa usiku kwa miyezi iwiri kufikira atanenepa kuposa iwo eni, ndipo pamenepo amamsiya yekha mu unamo napita. Iye, njala itamgwira ndi nthenga zitakhwima, amatuluka usiku wina nauluka, wopanda mtsogoleri, kunka ku nyanja za ku Brazil ndi Argentina, kumene sanafikeko ndi kale lonse. Patapita zaka zingapo amabwerera kudzaswera pafupi ndi pamene anabadwira. Mu 1952 mbalame imodzi ya mtunduwu inatengedwa pa chilumba cha Skokholm ku Wales, nikwezedwa m'ndege mpaka ku Boston ku America, nimasulidwa kumeneko. Ndipo patapita masiku 12 ndi theka inapezeka ili mu una wake womwewo, itadutsa nyanja ya makilomita pafupifupi 5,000. Zina mwa mbalamezi zadziwika, chifukwa cha timphete tija, kuti zakhala ndi moyo zaka zoposa 50.

Kalekale mbalamezi zinali pa Calf zosawerengeka, ndipo zinali chuma. M'masiku amene banja la Stanley, mafumu a ku Derby, linkalamulira Man, kuyambira mu 1405 kufikira mu 1736, anthu ankawolokera kukachilumbako kumapeto a chilimwe chawo, nakoka ana onenepa aja m'mauna, nawathira mchere, nawalonga m'migolo. Ndipo olemba a nthawi imeneyo anasimba kuti ogwira ankadula phazi limodzi la mwana aliyense nalisunga, kuti chiwerengero chisasokonezeke pokapereka kwa mwini chilumba. Ankagwidwa zikwizikwi chaka ndi chaka, ndipo mabuku ena amatchula 10,000. Popeza nyama yake inkanunkha nsomba, anthu ankaidya ngakhale m'nyengo ya Lenti, pamene nyama ina inali yoletsedwa. Sindifuna kuwayeretsa anthu amenewa, pakuti kudula phazi la kamwana ka mbalame sichinthu chokoma kumva. Komabe tiyenera kuona chinthu chimodzi chimene ambiri amachilumpha, ndicho chakuti kukolola kumeneku kunachitika mibadwo ndi mibadwo osatha mbalamezo. Wokolola ankabwera kamodzi pachaka, pa nyengo yodziwika, natenga ana, nasiya makolo. Ndipo mwini chilumba, pofuna kuti chaka chamawa adzapezenso phindu, anali ndi chifukwa chakuti asalole kuti nkhokwe iphwasulidwe.

Chimene chinathetsa mbalamezo chinadza popanda munthu kuchifuna, ndipo mwina popanda munthu kuchiona. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 chombo china chinasweka pamatanthwe a kachilumbako, ndipo monga mbiri ya kumeneko isimbira, makoswe amene anali m'chombomo anasambira natulukira kumtunda. Akulu amati mlendo ndi mame, koma mlendo uyu sanakamuke ndi dzuwa. Anapeza dziko la mauna odzala mazira ndi ana osatha kuthawa, a mbalame imene chilengedwere sinaphunzire kuopa mdani wolowa pansi pa nthaka. Ndipo khoswe alibe nyengo, alibe chiwerengero, sasiya mbewu ya chaka chamawa, koma amadya usiku uliwonse naswana mwezi ndi mwezi. Mbalame yoikira dzira limodzi pachaka singapikisane ndi wakuba wotere. Pofika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800 mudzi waukulu uja wa mbalame unali utasanduka bwinja, ndipo kwa zaka zoposa 150 anthu ankatchulabe mbalameyo ndi dzina la Man pamene pa Man pomwepo inali itasowa. Kufikira lero anthu ambiri a pachilumbacho amapewa kutchula dzina la khoswe, poopa tsoka, namutcha wamchira wautali. Mwambowu unachokera kwa asodzi, koma wina akauyesa chikumbutso cha zimene kanyamaka kanachita pa Calf, sindingamtsutse kwambiri.

Nyanja ya pamenepo yadya zambiri, osati mbalame zokha. Mpata wa pakati pa Calf ndi chilumba chachikulu, umene amautcha Calf Sound, sufika ndi kilomita imodzi yomwe, koma madzi amathamangamo ngati mtsinje wosefukira pamene nyanja ikudzala kapena kuphwa, ndipo pakati pake pali thanthwe lalikulu lotchedwa Kitterland. M'mwezi wa Disembala 1852 chombo chotchedwa Lily, chimene chinanyamuka ku Liverpool kunka ku gombe la kumadzulo kwa Africa chitasenza nsalu, kachasu, mfuti ndi wonga wambiri, chinaponyedwa pathanthwepo ndi namondwe. M'mawa mwake amuna a m'midzi yapafupi, ambiri a iwo a ku Port St Mary, anatumidwa kukapulumutsa katundu. Ndipo ali m'kati mwa ntchitoyo wonga uja unaphulika, nupha amuna 29 m'kamphindi, kusiya mmodzi yekha wamoyo, ndi kusiya mudzi wa asodzi wodzala akazi amasiye ndi ana amasiye. Ife a kuno sitingawerenge za katundu wa chombocho osaima pang'ono, podziwa kumene mfutizo ndi wongawo zinkapita ndi ntchito imene zikadakagwira. Koma ambiri mwa amene anafa anali amphawi ofuna ganyu, ndipo maliro awo ndi maliro ndithu.

Chifukwa cha zoopsa zotere, mu 1818 katswiri wa ku Scotland, Robert Stevenson, agogo ake a mlembi Robert Louis Stevenson, anamanga pa Calf nsanja ziwiri za nyali, ina pamwamba ina pamunsi, naziika mwanzeru kotero kuti woyendetsa chombo akaona nyali ziwirizo zitalunjikana, ankadziwa kuti ali pa mzere wa thanthwe loopsa la Chicken Rock. Koma nkhungu inkaphimba nyali yapamwamba kawirikawiri, ndipo mu 1875 anayatsa nsanja ina yomangidwa pathanthwe lenilenilo. Iyo itapsa ndi moto mu 1960, anamanganso nyali yatsopano pa Calf mu 1968, imene nayo inazimitsidwa mu 2007. Mabanja a osunga nyali anakhalapo nachoka. Alimi analimapo, naweta ng'ombe ndi nkhosa, nachoka m'zaka za m'ma 1950. Iwo asanafike kunali ena. Mu 1773 munthu wina, pogumula miyala ya kachisi wakale kuti amangire mpanda, anapeza mwala wosemedwa bwino lomwe, wosonyeza Ambuye ali pamtanda atavala mkanjo, ndi msilikali wa nthungo pambali pawo. Mwalawo, umene akatswiri amati ndi wa zaka zoposa 1,000, uli lero m'nyumba yosungiramo zakale ku Douglas, ndipo ndi umboni wakuti atumiki a Mulungu a mpingo woyamba wa kumeneko anasankha malo ouma amenewa kuti apemphererepo. Ndiponso m'zaka za m'ma 1620 Thomas Bushell, amene anali mtumiki wa Francis Bacon, anadzipatula pamenepo zaka 3, mbuye wake atagwa pa ulemerero, nakhala ndi moyo wa masamba ndi uchi. Onsewa anali odutsa. Kachilumbako sikanakhalepo mudzi wa makolo umene anthu anathamangitsidwamo kuti mbalame zipeze malo, ndipo ichi ndichinena chifukwa m'maiko ambiri kusunga nyama kwakhala kulanda anthu nthaka yawo, tchimo limene pa Calf silinachitike.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 munthu wina wa ku Lancashire, F. J. Dickens, anagula kachilumbako nakapereka kwa bungwe la National Trust kuti kakhale pothawira mbalame, ndipo pambuyo pake kanaperekedwa m'manja mwa eni dziko, kotero kuti lero kali pansi pa Manx National Heritage, mothandizana ndi Manx Wildlife Trust. Mu 1959 nyumba yakale ya mlimi inasandutsidwa malo oonerapo ndi kulembera mbalame, ndipo kuyambira chaka chimenecho alonda akhala akutchera maukonde m'mamawa, kugwira timbalame todutsa, kutiyeza, kutiveka mphete ndi kutimasula, nalemba zonse m'mabuku tsiku ndi tsiku. Pakati pa timbalame timeneti pali tina, monga anamzeze, timene timathawa chisanu cha kumeneko kudzakhala ku Africa. Ntchito yotere ilibe ulemerero, ndipo tsiku limodzi la iyo silitanthauza kanthu. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mabuku a zaka zoposa 60 tsopano akunena zimene munthu mmodzi sakadaziona m'moyo wake, za mitundu imene ikuchepa ndi imene yayamba kufika msanga kuposa kale. Anali alonda omwewa amene anayamba kumvanso kulira kuja usiku, nazindikira kuti mbalame zowerengeka zikuyesa kubwerera kubwinja la makolo awo, ngakhale makoswe anali akali pomwepo.

Nkhondo yeniyeni inayamba m'chisanu cha 2012, pamene mabungwe a pachilumbacho, pamodzi ndi bungwe la RSPB la ku Britain, anagwirizana zothetseratu makoswe pa Calf. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo apa mkhate unali kachilumba konse, ndi nkhosa zake, ndi mbalame zake zina zimene zikadatha kudya chiphe kapena kudya khoswe wakufa nacho. Chifukwa chake sanamwaze mankhwala chimwazemwaze, koma anawaika m'timabokosi ndi m'timipope molowa khoswe yekha, mazanamazana, m'mizere yoyezedwa kuchokera kugombe kufika kugombe, ndi m'maphompho momwe mofika munthu ndi chingwe. Ndipo anasankha chisanu chifukwa ndi nyengo imene khoswe ali ndi njala ndipo mbalame za m'nyanja zili kutali. Zipatso zake zaoneka. Mauna okhalamo mbalame, amene kale anali owerengeka, tsopano ali mazana ambiri, ndipo akuchuluka.

Alipo anthu a mtima wachifundo amene amati khoswe nayenso ndi cholengedwa, ndipo munthu alibe ufulu woweruza kuti ichi chife kuti icho chikhale. Mawuwa sindiwapeputsa, pakuti imfa ya chiphe ndi yowawa, ndipo khoswe sanachimwe posambira kuthawa chombo chomira. Koma amene anaweruza kale ndi munthu yemweyo, tsiku limene zombo zake zinanyamula makoswe kuwafikitsa kumene sakadafika okha. Ndipo kupinda manja lero, ndi kunena kuti chilengedwe chidziweruze chokha, ndiko kutsimikiza chiweruzo choyambacho ndi kusamba m'manja monga Pilato. Alipo enanso, ochenjera pa masamu, amene amati mbalameyi siili pafupi kutha pa dziko lapansi, popeza pa zilumba za Skomer ndi Skokholm ku Wales ndi pa Rum ku Scotland ziliko zikwi mazanamazana, ndipo ndalamazo zikadapita kwina. Zoona, siili pafupi kutha. Koma taonani kuti unyinji wa mtundu wonse umaswera pa zilumba zochepa zimenezi, ndipo mbiri ya Calf yomweyi yationetsa kuti chombo chimodzi chosweka chikhoza kufafaniza mudzi wa mbalame wa zaka zikwi m'nthawi ya moyo wa munthu mmodzi. Amene ayesa Skomer linga losagonjetseka akumbuke kuti Calf nayenso anali Skomer wa masiku ake.

Chimene chindidetsa nkhawa sichili mwa otsutsawa, koma mwa abwenzi. Ntchito yopha makoswe inali ndi chiyambi ndi mapeto, inalembedwa m'manyuzipepala, ndipo opereka ndalama amakonda ntchito zotero, zimene munthu angaimirire pambali pake najambulitsa. Koma khoswe amasambira, ndipo Kitterland ali pakati pa mpata ngati mwala wopondapo powoloka. Ndiponso bwato lililonse lochokera ku Port St Mary kapena ku Port Erin, lonyamula alendo ndi katundu wawo, likhoza kunyamula mlendo wina wosalipira. Khoswe mmodzi wamkazi wa bere akwanira kuyambitsanso zonse. Chifukwa chake alonda ayenera kuyendera malo otcherapo nyambo mwezi ndi mwezi, kufunafuna zizindikiro za mano ndi mapazi, chaka chino ndi chaka chamawa ndi zaka zonse zimene kachilumbako kadzakhalepo. Ndipo ulendo umene apeza kuti palibe kanthu ndiwo ulendo wopambana. Ndani adzakondwera kulipira munthu kuti azipeza kuti palibe kanthu? Tsiku lidzafika, chuma chitavuta, pamene wina m'boma adzayang'ana mzere umenewu m'buku la ndalama nanena kuti makoswe anatha kale. Ndipo tsiku limenelo lidzakhala loopsa kuposa usiku umene chombo chija chinasweka, chifukwa oyambawo sanadziwe, koma awa adzakhala akudziwa.

Pali zambiri zimene zimapindula ndi ulonda umenewu. M'miyezi ya Seputembala mpaka Novembala nyama za m'nyanja zotchedwa grey seal zimakwera m'magombe a miyala kudzaswa ana a ubweya woyera; m'maphompho mumakhala mbalame ya mtundu wa khwangwala, ya mlomo wofiira ndi miyendo yofiira, imene m'madera ambiri a Britain inasowa; ndipo pamsipu pamadya nkhosa za makolo a ku Man, zotchedwa Loaghtan, za ubweya wofiirira ndi nyanga zinayi, zimene pakati pa zaka za m'ma 1900 zinatsala pang'ono kutheratu. Kuyambira mu 2016 alonda aikanso pamatanthwe zifanizo za mbalame ina yotchedwa puffin, ndi zokuzira mawu zolira kulira kwake, kuti zinyengerere zamoyo kudzamanganso pamenepo. Ntchito imeneyo ikuyenda pang'onopang'ono, ndipo sindidzaitama isanabale.

Anthu a ku Man ali ndi chifukwa china chomvetsera nkhaniyi kuposa mitundu ina, ndipo chifukwacho chili patsidya pomwepo. Pamwamba pa phiri loyang'anana ndi Calf pali mudzi wa Cregneash, wa nyumba zoyera zofolera udzu, kumene chinenero cha makolo awo, cha mtundu umodzi ndi cha ku Ireland ndi cha kumapiri a Scotland, chinakhalitsa pamene kwina konse chinali chitasiyidwa. Kumeneko kunakulira msodzi Ned Maddrell, amene anamwalira mu 1974 ali ndi zaka 97, womaliza wa iwo amene anayamwa chinenerocho ali khanda. Sichinaphedwe ndi lupanga. Makolo eni ake analeka kuchilankhula kwa ana awo, poganiza kuti sichidyetsa munthu. Koma mu 1948 akatswiri ochokera ku Ireland anajambula mawu a okalamba otsalawo, ndipo anthu ochepa ouma mutu anakhala kumapazi awo naphunzira. Mu 2001 inatsegulidwa sukulu ya Bunscoill Ghaelgagh, yophunzitsa ana maphunziro onse m'chinenerocho. Ndipo pamene bungwe la UNESCO linalemba mu 2009 kuti chinenerocho chinafa, ana a sukuluyo analilembera makalata m'chinenero chomwecho, ndipo bungwelo linasintha mawu ake. Madzi akatayika sawoleka, ndipo palibe wonena zoona amene angati chinenero cha anawa ndi chimodzimodzi ndi cha Maddrell, monganso mazana a mbalame za lero sali zikwi zosawerengeka za masiku a banja la Stanley. Chimene chabwerera ndi chochepa, ndipo chimaima pa khama la tsiku ndi tsiku la anthu owerengeka. Aphunzitsi atatopa, kapena alonda atachotsedwa, zonse ziwiri zikhoza kubwerera kumanda kumene zinatulutsidwa.

Chifukwa chake ndinena kwa aphungu a Tynwald, ndi kwa onse amene asunga thumba la Manx National Heritage, kuti malipiro a alonda a pa Calf asayesedwe mphatso yoperekedwa chaka cha zokolola zambiri ndi kumanidwa chaka cha chilala, koma alembedwe pamodzi ndi zinthu zimene boma silikambirananso, monga limachitira ndi madoko ndi misewu. Kachilumbako kasamangidwepo nyumba za alendo zoposa imene ilipo, ndipo malamulo oletsa agalu ndi moto asafewetsedwe chifukwa cha odandaula. Ndipo iwe mlendo, ngati udzafika ku Port St Mary nukwera bwato la ku Calf, tsegula thumba lako uliyang'anitse usanakwere, tsata njira zoikidwa kuti ungaponde denga la una, ndipo nyenyeswa za kamba wako ubwerere nazo kumtunda.